Mawu nawonso amafuna tchuthi

Ife odyera pakhosi, amene mumatimva m'malonda ndi m'masewero a pa wailesi, tilibe bwana wotisainira tchuthi. Ukapuma, thumba nalonso lapuma.

Chaka chatha ndinapita ndi ana kunyanja ku Mangochi. Tsiku lachiwiri foni inalira: akufuna uthenga wa masekondi 30 pofika madzulo. Ndinadzitsekera m'chipinda n'kufunda mabulangete awiri kuti mawu asamveke ngati ndili m'chitsime. Komabe mafunde, atambala ndi njinga zamoto zinkangolowa m'maikolofoni. Potuluka, dzuwa linali litalowa. Mwana wanga anangoti, "Amayi, bola tibwerere kunyumba, kumene kuja mumacheza nafe."

Mawuwo anandilasa. Masiku ano kuyambira Okutobala mpaka Disembala sindipita kutali, chifukwa ndi nyengo ya malonda a mbewu, feteleza ndi Khirisimasi. Ulendo ndimauika pa tchuthi cha Pasaka. Makasitomala ndimawauza kutatsala milungu iwiri, ntchito zawo ndimajambuliratu, ndipo zadzidzidzi ndimasiyira mnzanga wodalirika. Maikolofoni imatsala kunyumba.

Inde, mwina kasitomala mmodzi adzakuthawani. Ameneyo mudzapeza wina, koma ubwana wa mwana wanu sudzabwereranso.