Amene Anagawa Osewera Sanalakwe

Pali anthu ena olongolola amene amanena kuti atsogoleri a masewera asamalowerere pa kasankhidwe ka osewera, koma timu iliyonse izidzitengera amene ikufuna. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo mbiri ya WNBA, ligi ya amayi ya basketball ya ku America, ikuchitira umboni.

Ligi imeneyi inayamba kusewera mu June 1997 ndi matimu 8. Atsogoleri ake, pansi pa Mayi Val Ackerman, sanalole kuti matimu alimbirane akatswiri ngati agalu pa fupa. Pa 22 January chaka chomwecho iwo anagawa okha akatswiri 16, awiri ku timu iliyonse. Lisa Leslie anaikidwa kwawo ku Los Angeles, Sheryl Swoopes wa ku Texas anapita ku Houston, ndipo Rebecca Lobo, amene anatchuka ku Connecticut, anapita ku New York. Cholinga chinali chakuti anthu adzaze mabwalo kudzaonerera ana awo.

Mu February matimu anasankha mosinthana osewera ena 16 amene anali atasewera kale m'maligi ena, ndipo Utah inayamba ndi Dena Head. Pa 28 April panachitika chisankho chachikulu cha osewera 32, pamene Houston inatenga Tina Thompson poyambirira. Aliyense anadikira nthawi yake mwa mwambo, ndipo panalibe mzinda umene unasiyidwa chimanjamanja.

Otsutsa amathamangira kunena kuti kagawidweko kanali kokondera, popeza Houston inatenga chikho zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 1997 mpaka 2000. Kodi anthu amenewa aiwala kuti Swoopes anali woyembekezera, ndipo anaphonya masewera ambiri a chaka choyamba? Aiwala kuti mnzake Cynthia Cooper anali ndi zaka 34, atatha zaka zambiri akusewera ku Italy kutali ndi maso a anthu akwawo? Wogawa amapereka makasu mofanana, koma nkhokwe imadzaza kwa amene walima.

Inu amene mwapatsidwa udindo woyambitsa ntchito yatsopano, musaope kugawa anthu aluso mwadongosolo, ngakhale ena adandaule. Mukalekerera kuti amphamvu atenge zonse, ofooka adzagwa msanga, ndipo wamphamvuyo adzasowa wosewera naye. Ligi imene inayamba ndi mwambo mu 1997 ikusewerabe mpaka lero.