Muyeso wa Maphunziro a Alezi ndi Mwana

M'mera mpoyamba, adatero makolo athu. N'chifukwa chake nkhani ya maphunziro a alezi a m'sukulu za mkombaphala njokhudza mfumu, kholo ndi wina aliyense m'dziko muno. Ambiri mwa alezi ameneŵa ndi anthu ongodzipereka, osankhidwa ndi mudzi, ndipo m'manja mwao ndimo tidaikiza ana athu a zaka 3 mpaka 5.

Kaŵirikaŵiri maphunziro akatha timangomva kuti alezi akutiakuti alandira masatifiketi, anthu n'kuomba m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo. Ife tikufunsa kuti: nanga mwana wapindulapo chiyani?

Funso limeneli lidayesedwa kale kwathu kuno. Kuyambira m'chaka cha 2011, Boma mothandizana ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse lidachititsa kafukufuku m'sukulu za mkombaphala 199 m'maboma a Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo. Sukulu zonsezi zidalandira zoseŵeretsa ndi zipangizo zophunzitsira. M'sukulu zina alezi adaphunzitsidwa kwa masabata 5 namayenderedwa ndi alangizi. Mwa sukulu zimenezi, kwina alezi adalandiranso kangachepe pamwezi, kwina makolo nawonso adaphunzitsidwa kaleredwe ka ana.

Zotsatira zake, zimene zidafalitsidwa mu 2018, n'zofunika kuzilingalira mofatsa. Alezi ophunzitsidwa adasinthadi kaphunzitsidwe kao. Koma patatha miyezi 18, ana amene adapambana anzao pa kalankhulidwe ndi pa kakhalidwe adali a kusukulu kumene makolo adaphunzira limodzi ndi alezi. Patatha zaka 3, ngakhale kusiyana kumeneku sikudaonekenso.

Ena anganene kuti ndalamazo zidangoloŵa m'madzi. Ife sitikutero ai. Mlezi wosaphunzitsidwa sangaongole mwana. Chimene taphunzira n'chakuti masabata oŵerengeka m'chipinda chophunziriramo sakwanira, ndiponso kuti mwana amakhala ndi mlezi m'maŵa wokha, tsiku lonse ali pakhomo ndi makolo ake. Mutu umodzi susenza denga.

Tsono tikupempha Unduna woyang'anira sukuluzi pamodzi ndi mabungwe onse ophunzitsa alezi kuti aleke kuŵerenga masatifiketi okha. Alangizi apite kumidzi akaone m'mene mlezi akulankhulira ndi ana. Amtsate mwanayo kufikira Sitandade 1 ndi 2, aone ngati mbeu idamera kapena idapserera panjira. Aŵerengenso alezi amene adakali pantchito chaka chikatha, pakuti munthu wosalandira kanthu amasiya ana n'kupita kukafuna ganyu, ndipo nzeru adaphunzira zija zimapita naye.

Kwa inu makolo tikuti: musamangotumiza mwana kukadya phala. Mfunseni zimene waimba lero, muuzeni nthano madzulo, ndipo mukaitanidwa kumsonkhano wa kusukulu, pitani. Satifiketi ya mlezi imakhala m'chikwama, koma umboni wa maphunziro ake umamveka pakamwa pa mwana wanu.