Madigiri alandira, koma nyumba za m'matauni akujambula ndani?

Nyengo yolandira madigiri ikakwana pasukulu ya ukachenjede ya MUBAS, mumzinda wa Blantyre mumadzaza alendo. Makolo amachokera kutali monga ku Jenda, Mponela, Ntaja ndi Nchalo, ena atagulitsa mbuzi kuti apeze yokwerera basi, kudzaona mwana wawo atavala mkanjo ndi chipewa cha ngodya zinayi. Nthungululu zimamveka, ojambula zithunzi amapha makwacha, ndipo madzulo ake mpunga wa nkhuku susowa.

Pakati pa omaliza maphunzirowa pamakhala kagulu kochepa ka anyamata ndi atsikana amene aphunzira luso lojambula mapulani a nyumba, komanso ena amene asulidwa pa luso lokonza kapangidwe ka zipangizo ndi katundu wosiyanasiyana. Chisangalalo chikatha ndipo mkanjo ukabwezedwa, ambiri mwa iwo amayamba kuzungulira m'maofesi a ku Blantyre ndi Lilongwe ndi makalata ofunsira ntchito.

Chodabwitsa n'chakuti panthawi yomweyo, m'matauni momwe makolo awo akuchokera, nyumba, magolosale, zigayo, matchalitchi ndi malo ogona alendo zikumera ngati bowa popanda katswiri aliyense kuonapo. Odziwa ntchito ali uko, ntchito ili kuno. Apa ndi pamene pagona nkhani.

Sukulu ya MUBAS ndi yomwe kale inkatchedwa Polytechnic. Idatsegulidwa m'chaka cha 1965 ndipo idali nthambi ya University of Malawi mpaka m'chaka cha 2021 pomwe idayamba kuima payokha. Kwa zaka zambiri achinyamata ofuna kuphunzira zojambula mapulani a nyumba m'dziko muno akhala akuloza kusukuluyi.

Koma chimene makolo ambiri sadziwa n'chakuti digiri payokha si chilolezo chogwirira ntchitoyi. Lamulo la m'chaka cha 1992 lidakhazikitsa bodi yolembetsa akatswiri ojambula mapulani ndi owerengera mitengo ya zomangamanga. Kuti dzina la munthu lilowe m'kaundula wa bodiyi, amayenera ayambe wagwira ntchito pansi pa katswiri amene adalembetsedwa kale. Choncho mwana amene walandira digiri lero ali ngati mmisiri amene wagula zida, koma sadapatsidwe nyumba yoti amange yekha.

Vuto n'lakuti makampani a akatswiri otere ndi ochepa, ndipo pafupifupi onse ali m'mizinda ikuluikulu. Ntchito zikuluzikulu zomwe zikadatha kulemba achinyamata ambiri nazonso sizibwera kawirikawiri, ndipo zina zikabwera zimadza ndi eni ake. Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe, yomwe idatsegulidwa m'chaka cha 2010, ndi bwalo la zamasewero la Bingu, lomwe lidatsegulidwa m'chaka cha 2017, zidamangidwa ndi makampani a ku China ndi ndalama zochokera komweko. Wophunzira amene amalota kudzajambula nyumba zosanjikizana zokhazokha angathe kudikira mpaka imvi.

Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti m'dziko muno mudali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo anthu 84 mwa 100 aliwonse ankakhala kunja kwa mizinda ndi matauni akuluakulu. Anthu amenewa nawonso amamanga. Mlimi akagulitsa fodya kapena soya, mphunzitsi akalandira ndalama zopumira pantchito, mwana amene ali ku Joni akatumiza kangachepe, choyamba kuganiza ndi njerwa ndi malata.

Kamangidwe kake n'kodziwika. Mwini poloti amaitana mmisiri, awiriwo n'kujambula zipinda pansi ndi kamtengo, kapena kungoloza nyumba ya mnzawo n'kunena kuti ikhale ngati imeneyo. Ena amagula pulani yotsika mtengo kwa munthu amene amangodziwa kujambula pakompyuta koma sadafikepo pamalopo kuti aone dothi, kumene madzi amadutsa ndi kumene mphepo imachokera.

Amisiri ambiri a m'matauni ndi aluso ndipo nyumba zawo zaima zaka zambiri. Koma akuluakulu adati safunsa adadya phula. Zivomerezi zomwe zidagwedeza boma la Karonga mu Disembala 2009 zidagwetsa ndi kung'amba nyumba zikwizikwi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adapha anthu oposa 1,000 ndi kusiya ena oposa 650,000 opanda pokhala m'chigawo cha kummwera, ndipo ku Chilobwe matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zidakokolola nyumba zomwe zidamangidwa m'mphepete mwa phirilo.

Palibe pulani imene ingaimitse phiri likagumuka. Komabe nyumba zambiri zimene zimagwa chaka ndi chaka nyengo ya mvula zimagwa pa zifukwa zazing'ono zomwe zikadapewedwa: maziko osazama, khoma lopyapyala la njerwa imodzi, kusowa kwa lintala yomanga makoma onse pamodzi, denga losamangiriridwa bwino kukhoma, khonde lalifupi lomwe limalola mvula kumenya khoma la zidina, ndi kumanga m'njira ya madzi. Zonsezi n'zimene wophunzira wa zojambula mapulani amaphunzira m'zaka zake zoyambirira.

Zivomerezi za ku Karonga zitachitika, boma ndi mabungwe adatulutsa m'chaka cha 2010 buku la malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba. Malangizowo alipo, koma buku siliyenda lokha kukafika kwa mmisiri wa ku Chitekesa kapena ku Uliwa. Pamafunika munthu woti alitenge n'kukalimasulira pamalo omangira.

Malamulo nawonso adasintha. Lamulo la m'chaka cha 2016 loona za kagwiritsidwe ntchito ka malo lidaika dziko lonse pansi pa ndondomeko ya mapulani, osati mizinda yokha ayi. M'chaka cha 2018 padabwera malamulo oletsa kugwiritsa ntchito njerwa zootcha ndi nkhuni pomanga nyumba za boma ndi za malonda, pofuna kuteteza mitengo. Izi zikutanthauza kuti womanga sitolo kapena sukulu akuyenera kudziwa za mabuloko a simenti kapena njerwa za dothi zopanikiza ndi makina, zomwe kamangidwe kake n'kosiyana ndi kamene amisiri ambiri adazolowera.

Apa ndi pamene pakubwera nkhani ya maphunziro apadera amene ophunzira amapatsidwa kunja kwa kalasi, makamaka akayandikira kumaliza. Pamaphunziro otere ophunzira amakumana ndi anthu amene ali kale pantchito za luso, n'kugwira nawo ntchito ndi manja. Amaphunzira zimene mayeso safunsa: kutchula mtengo wa ntchito, kulemba mgwirizano ndi mwini nyumba, kulembetsa bizinesi, kuteteza ntchito yawo kuti ena asaibe, ndi kufotokozera munthu wamba pulani m'chinenero chimene iye akumva.

Pasukulu ya MUBAS poyambira palipo. M'chaka cha 2016, idakali Polytechnic, sukuluyi idatsegula chipinda chotchedwa Design Studio mogwirizana ndi Rice University ya ku America, momwe ophunzira amapanga ndi kuyesa zipangizo, makamaka za m'zipatala. Mliri wa Covid-19 utafika m'chaka cha 2020, m'chipindachi mudatuluka zotchingira kumaso za ogwira ntchito zachipatala. M'chaka cha 2024 pasukuluyi padatsegulidwanso malo otchedwa UniPod ndi thandizo la bungwe la UNDP, momwe muli makina oti achinyamata asandutsire maganizo awo kukhala katundu weniweni.

Zimenezi zidaonetsa kuti wophunzira akapatsidwa vuto lenileni ndi zida, amatulutsa chinthu chogwirika. Koma malo onsewa ali ku Blantyre. Funso n'lakuti luso limeneli lidzafika liti kwa kalipentala wa ku Nkhamenya, wowotcherera mafelemu a mawindo ku Lunzu, kapena woumba njerwa ku Thondwe.

Palinso chiopsezo china chimene aliyense m'dziko muno akuchidziwa. Maphunziro ambiri apadera amathera m'mahotela a kunyanja, anthu n'kulandira maalawansi, malaya olembedwa ndi satifiketi, basi nkhani n'kuthera pomwepo. Maphunziro a ojambula mapulani akatsata njira imeneyi, phindu lake lidzakhala chithunzi cha pagulu chokha. Malo oyenera maphunziro otere ndi pamene pakukumbidwa maziko, pamsika pamene khonsolo ikufuna kumanga mashedi, kapena pasukulu ya pulayimale pamene denga lidasasuka ndi mphepo.

Chitsanzo chili pafupi. Pachipatala cha boma cha Kasungu pali nyumba zodikirira amayi oyembekezera zomwe zidamalizidwa m'chaka cha 2015, ndipo adazijambula ndi akatswiri a bungwe la MASS Design Group mogwirizana ndi unduna wa zaumoyo. M'malo momanga chinyumba chimodzi chachitali chonga holo, adamanga tinyumba ting'onoting'ono tozungulira mabwalo ngati mudzi, ta njerwa za dothi zopanikiza, tokhala ndi madenga otambalala opereka mthunzi ndi kuteteza makoma ku mvula. Maganizo ake adachokera pa kuona mmene amayi ndi owadikirira amakhalira: amaphika, amachapa ndi kucheza panja. Dothi lake ndi la konkuno, amisiri ake ndi a konkuno. Chimene chidawonjezerekapo ndi munthu amene adakhala pansi n'kuganiza asadayambe kukumba.

Ku Burkina Faso nako, Francis Kéré adatchuka chifukwa cha sukulu ya pulayimale yomwe adamanga ndi anthu a m'mudzi wa kwawo ku Gando m'chaka cha 2001, pogwiritsa ntchito njerwa za dothi ndi denga lokwezeka lolola mpweya kudutsa kuti m'kalasi musatenthe. M'chaka cha 2022 iye adakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphotho ya Pritzker, yomwe ndi yapamwamba kwambiri pa ntchito yojambula nyumba. Mbiri yake idayambira kumudzi, osati mumzinda.

Komabe nkhaniyi ili ndi mbali ina yomwe siyenera kubisidwa. Banja lomwe likumanga pang'onopang'ono, chaka chino maziko, chaka chamawa makoma, limaona ndalama yolipira wojambula pulani ngati matumba a simenti otayika. Naye womaliza maphunziro ali ndi zake: ambiri adaphunzira ndi ngongole ya boma yomwe akuyenera kubweza, ndipo abale akumuyang'ana kuti ayambe kuthandiza. Kumuuza kuti akakhale ku Ntaja n'kumajambula nyumba za zipinda zitatu, popanda chitsimikizo cha malipiro, n'kumupempha zambiri. Amisiri ena nawonso salandira bwino mnyamata kapena mtsikana wobwera ndi mapepala kudzawauza zochita pantchito yomwe adayamba iye asadabadwe.

Mavutowa ndi enieni, koma ali ndi njira. Pulani imodzi yabwino ya nyumba ya zipinda zitatu ingathe kugulitsidwa kwa mabanja makumi angapo pamtengo wotsika, n'kumangoisintha pang'ono malinga ndi malo. Katswiri sayenera kukhala pamalo omangira tsiku lililonse. Kufika katatu kokha, pokumba maziko, pothira lintala ndi pokhoma denga, kungapulumutse nyumba. Pulani yabwino imathandizanso mwini nyumba kudziwiratu kuchuluka kwa njerwa, simenti ndi malata, ndipo imachepetsa kugumula khoma lomwe lamangidwa kale, zomwe zimadya ndalama zambiri kuposa malipiro a wojambula.

Makhonsolo, amene ambiri alibe akatswiri okwanira oyendera zomangamanga, angathe kutenga omaliza maphunzirowa kuti azigwira ntchito moyang'aniridwa ndi akatswiri olembetsedwa, nthawi imeneyo n'kumawerengedwa pa zaka zofunika kuti alowe m'kaundula. Mipingo, makomiti a sukulu ndi magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, omwe amamanga chaka ndi chaka, ndi makasitomala amene sadafikiridwe. Nalo bungwe la TEVETA, lomwe lakhala likusula amisiri kuyambira m'chaka cha 1999, lingathe kukhala mlatho woti wophunzira wa kuyunivesite ndi mmisiri aphunzire pamodzi, wina kubweretsa masamu ndi pulani, wina kubweretsa manja ndi zimene waona pazaka zambiri. Paja mutu umodzi susenza denga.

Masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, akuika kukula kwa matauni ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu, ndipo malo monga Karonga, Kasungu, Liwonde, Luchenza ndi Bangula ali m'gulu la omwe adasankhidwa kuti adzakhale mizinda. Koma matauniwa sakudikira chaka cha 2063. Akumangidwa lero, poloti ndi poloti, ndipo msewu umene watsekedwa ndi sitolo chaka chino kapena ngalande imene yakwiriridwa ndi maziko a nyumba zidzavuta kukonza m'tsogolo.

Kwa makolo amene ali ndi mwana amene akuphunzira ntchitoyi, funso lofunika pa tsiku la mkanjo si la magiredi okha ayi. Ndi bwino kumufunsa ngati adagwirapo chipande cha simenti, ngati angathe kuwerengera mtengo wa nyumba ya kwawo, ndiponso katswiri amene akamuyang'anire kuti adzalembetsedwe. Kwa banja lomwe launjika kale njerwa papoloti, nthawi yofunsa nzeru ndi ino, khasu lisadakhudze pansi. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi yomanganso khoma lomwe lagwa mu Januwale, ana ali m'tulo.