Malire a Mafumu, Ubale wa Anthu

M'chaka cha 1889 asilikali a Chipwitikizi, motsogozedwa ndi Serpa Pinto, adathira nkhondo Amakololo m'chigwa cha Shire. Boma la Mfumukazi Victoria lidaopseza boma la Mfumu Carlos ya ku Portugal mu 1890, ndipo pangano la 1891 lidasandutsa mtsinje wa Ruo malire.

Mafumu awiriwo sadafunse Amang'anja kapena Asena. Komabe anthu a tsidya lino ndi tsidya lija akali kukwatirana, ndipo Chisena chimamveka mbali zonse ziwiri.

Ife tikupempha akuluakulu a nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri kuti akonze chionetsero cha mbiri imeneyi, nachipititse m'sukulu za ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Aphunzitsi achilandire ndi manja awiri, pakuti mwana wosadziwa chiyambi cha malire adzayesa mbale wake mlendo.