Seva ya 64 GB, malonjezo a 90 GB: mkangano wa RAM ndi swap ku Kopala

Lamulo la Data Protection Act, lomwe Zambia idakhazikitsa mu 2021, lili ndi ndime imodzi yomwe yafika mpaka m'tizipinda ta makompyuta ku Kitwe ndi ku Ndola, m'chigawo cha Copperbelt chomwe ambiri amachitcha Kopala. Ndimeyo imati mbiri ya anthu izisungidwa pa seva yomwe ili m'dziko momwemo, pokhapokha lamulo litapereka mpata wina. Choncho koleji, kiliniki kapena kampani yogulitsa zipangizo ku migodi ya Nkana ndi Mufulira singangotumiza chilichonse ku Johannesburg kapena ku Cape Town, komwe Microsoft ndi Amazon adatsegula nyumba zawo za maseva mu 2019 ndi 2020. Ena amachita lendi malo kwa Infratel, yomwe ili ndi data centre ku Kitwe. Ena amagula seva imodzi kapena ziwiri, n'kuigawa mkati kuti izigwira ntchito ngati makompyuta asanu kapena khumi.

Makina enieniwo akatswiri amawatcha host. Makompyuta ongoyerekezera omwe amakhala mkatimo ndi ma VM, ena amati ma guest. Wina amasunga database ya malipiro, wina maimelo, wina mafailo, ndipo aliyense amadziona ngati kompyuta yoima payokha. Purosesa sivuta kugawana chifukwa amangolandizana, uyu kamphindi, uyo kamphindi. RAM ndiye pamakhala nkhondo. Malo omwe VM imodzi yagwira, ina singakhalepo, ndipo kawirikawiri seva imayamba kutha RAM purosesa ikadali ndi mphamvu zotsala.

Apa akatswiri amagawikana. Gulu lina limati lonjezani ma VM RAM yoposa yomwe muli nayo, sangaifune onse nthawi imodzi, ndipo zikathina swap ilipo. Swap ndi gawo la disiki lomwe kompyuta imasunthirako zinthu za mu RAM zomwe sizikugwiritsidwa ntchito pakadali pano. Gulu linalo limati osalonjeza chomwe mulibe, ndipo ena mwa iwo swap amaizimitsiratu.

Gulu loyambalo lili ndi mfundo yolemera, ndipo mfundoyo ndi ndalama. RAM ya dziko lonse pafupifupi imachokera ku makampani atatu, Samsung, SK Hynix ndi Micron, ndipo imagulidwa ndi madola. Kumayambiriro kwa 2025 dola imodzi idapitirira K28. Kwacha itayamba kupezako mphamvu, mitengo ya RAM nayo idakwera koopsa chakumapeto kwa chaka chomwecho, chifukwa mafakitale adatembenukira kwa makampani a AI omwe akugula mwaunyinji. Mu Disembala 2025 Micron idalengeza kuti ikusiya kugulitsa RAM ya Crucial kwa anthu wamba. Pomwepo kuli nkhani ya malayisensi: Broadcom itagula VMware mu Novembala 2023 idathetsa malayisensi ogula kamodzi, aliyense azilipira chaka ndi chaka. Mabungwe ang'onoang'ono ambiri padziko adayamba kusamukira ku Proxmox, pulogalamu ya ku Vienna yomwe imayendera KVM ya mu Linux. Mkulu wa za makompyuta amene bajeti yake yadyedwa mbali ziwiri chonchi sangauzidwe mwachisawawa kuti angowonjezera RAM.

Komanso kulonjeza mopitirira si chinyengo cha anthu osadziwa ntchito. Mu 2002 Carl Waldspurger wa ku VMware adafotokoza njira zomwe zikugwirabe ntchito mpaka lero. Imodzi ndi balloon: kapulogalamu kokhala mkati mwa VM kamapempha RAM kwa VM-yo ngati kali nayo ntchito, kenaka n'kuibweza kwa host kuti aipereke kwa wina. Ina ndi kuphatikiza masamba ofanana, ndiye kuti tizigawo ta RAM tokhala ndi zinthu zofanana. Ngati ma VM khumi akuyendetsa Windows yofanana, mbali zambiri za RAM yawo zimakhala chimodzimodzi, ndiye host amasunga tsamba limodzi m'malo mwa khumi. Linux idalandira njira yotereyi, KSM, mu 2009, ndipo Red Hat poyesa idayendetsa ma VM 52 a Windows XP, iliyonse yolonjezedwa 1 GB, pa seva ya 16 GB yokha. Pa Proxmox, KSM ndi balloon zimayamba kugwira ntchito RAM ya host ikadzaza kufika 80 peresenti.

Pali malo omwe njirayi ndi yoyenera kotheratu. Labu ya ophunzira, kaya ndi ku Copperbelt University ku Riverside kapena ku Zambia University College of Technology ku Ndola, ndi ntchito ya mtundu umenewu: ma VM makumi angapo ochokera pa chithunzi chimodzi, ambiri ali duu pamene mphunzitsi akulankhula, ndipo imodzi ikachedwa palibe amene wataya ndalama. Kukana kulonjeza mopitirira pamalo otere n'kumana theka la kalasi mwayi wogwira makina ndi manja awo. Ngakhale Meta, yomwe ndalama siziivuta, idalemba mu 2022 kuti kusunthira masamba ozizira ku SSD ndi ku RAM yofinyidwa kudaipulumutsira pakati pa 20 ndi 32 peresenti ya memory pa maseva ake.

Vuto limabwera pa mawu aja akuti sangaifune onse nthawi imodzi. Zili ngati banki m'khonde yomwe yakongoza ndalama zonse podalira kuti mamembala sadzabwera tsiku limodzi, kenaka sukulu zikutsegulidwa ndipo aliyense ali pakhomo. Maofesi a ku Kopala ali ndi masiku otere odziwika bwino. Malipiro amakonzedwa kumapeto kwa mwezi, PAYE ndi NAPSA zimafunika pofika pa 10, VAT pofika pa 18, ndipo kuyambira Julayi 2024 ma invoice a olembetsa VAT amadutsa mu Smart Invoice ya ZRA. Masiku amenewo database, pulogalamu ya maakaunti, seva ya mafailo ndi maimelo zimadzuka pamodzi. Balloon ilibe woti imulande, ndipo host amayamba kukankhira zinthu ku disiki.

Kusiyana kwa liwiro n'kwakukulu kovuta kukhulupirira. Tikati kutenga kanthu mu RAM kumatenga sekondi imodzi, kukatenga pa SSD yothamanga ya NVMe kungatenge mphindi pafupifupi 17, ndipo pa disiki yakale yozungulira ija kungapitirire tsiku lathunthu. Kompyuta ikayamba kutha nthawi yake potulutsa ndi kulowetsa masamba m'malo mogwira ntchito, mkhalidwe womwe Peter Denning adaulongosola mu 1968, wa kuofesi amangoti system yatsika, chonsecho magetsi onse pa seva akuyaka bwinobwino.

Pa ma VM pali chopweteka china chomwe chidadziwika kale mu 1974, Robert Goldberg ndi Robert Hassinger atachilemba pa makina a nthawi imeneyo. Host saona za mkati mwa VM. Amatha kutenga tsamba n'kuliika mu swap yake, kenaka VM-yo, posadziwa, n'kuganiza zosunthira tsamba lomwelo ku swap yakenso. Kuti zitheke, host ayenera kuyamba walibweza kuchokera ku disiki, kuti lilembedwenso pa disiki yomweyo. Ntchito iwiri yolemetsa, phindu palibe. Nako kuphatikiza masamba kuli ndi mtengo wake: ofufuza ataonetsa kuti VM imodzi ingathe kusuzumira zinsinsi za inzake kudzera m'masamba ogawanawo, VMware idasiya kuyatsiratu kugawana pakati pa ma VM m'ma 2014 ndi 2015. Aliyense wosunga mbiri ya odwala kapena ya makasitomala a makampani osiyana pa host imodzi ayenera kuliganizira bwino limeneli, makamaka poti lamulo la 2021 lija likumuyang'ana.

Komatu amene amazimitsiratu swap nawo amalakwitsa, ndipo kulakwitsa kwawo kumakhala kwadzidzidzi. Linux ikasowa RAM ndipo ilibe kothawira, imaitana OOM killer, yomwe imapha pulogalamu yomwe yagwira malo ambiri. Pa host ya KVM, VM iliyonse ndi pulogalamu imodzi basi, ndipo yaikulu kwambiri nthawi zambiri imakhala ya database. Imafa ngati munthu wasolola pulagi. Chris Down, katswiri wa Linux amene panthawiyo ankagwira ntchito ku Facebook, adalemba mu 2018 kuti swap si RAM ya pangozi ayi, ntchito yake ndi kulola kompyuta kuchotsa masamba omwe adagwiritsidwa ntchito kamodzi n'kuiwalika, kuti malowo apite ku zinthu zofunika. Popanda swap, kompyuta imakakamizika kutaya masamba a mafailo omwe ikuwafunadi, n'kumawawerenganso pa disiki mobwerezabwereza. Ngakhale Kubernetes, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa maseva ambiri, yomwe kwa zaka idali kukana kuyamba ikapeza swap, idayamba kuilola pang'onopang'ono kuyambira 2021.

Nanga swap ikhale yaikulu bwanji? Lamulo lakale la m'makalasi loti ikhale kawiri kuposa RAM lidabadwa pamene RAM inkawerengedwa m'mamegabaiti. Red Hat lero imalisungira makina a 2 GB kapena kucheperapo. Kuyambira 2 GB mpaka 8 GB imati swap ifanane ndi RAM, ndipo kupitirira apo imangoti isachepere 4 GB. Kuika swap ya 128 GB pa seva ya 64 GB kumangotalikitsa nthawi yomwe seva idzakhale ikukwawa isanagwe.

Funso lomwe limalemera kuposa kukula ndi lakuti swap ikhale kuti. Apa umboni ukupendekera mbali imodzi. VM imadziwa masamba ake ozizira ndi otentha, host amangopenekera. Choncho swap yaing'ono mkati mwa VM iliyonse, 1 GB kapena 2 GB kwa yaing'ono, 4 GB kwa yaikulu, imagwira ntchito mwanzeru kuposa swap yaikulu ya host. Host naye akhale ndi yake yochepa, yongomupatsa mpata wopuma kuti wa IT aone chenjezo OOM killer isanafike, ndipo swappiness, nambala yomwe imauza Linux changu chosunthira zinthu ku swap, itsitsidwe kuchoka pa 60 pomwe Linux imayambira. Mabuku a Proxmox amatchula 10, ndipo amachenjezanso kuti swap yoikidwa pa ZFS (njira ina yosungira mafailo pa disiki) ingathe kuumitsa seva yonse. Zram, yomwe imafinya masamba mu RAM momwemo ndipo Fedora idayamba kuiyatsiratu mu 2020, imathandiza komwe purosesa ili ndi mphamvu zotsala, komanso imapeputsa SSD yomwe kulembedwalembedwa kumaikalambitsa.

Chomwe mabuku a ku Ulaya ndi ku America sachitchula kawirikawiri ndi magetsi. Mu 2024, chilala chitachepetsa kwambiri madzi m'damu la Kariba ndipo Purezidenti Hakainde Hichilema atalengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi ngozi yogwera dziko, madera ena ankakhala mumdima mpaka maola 21 pa tsiku pofika Seputembala. Migodi imalandira magetsi kudzera kwa Copperbelt Energy Corporation, koma ofesi wamba ya pakati pa tauni ya Ndola kapena ya ku Parklands ku Kitwe imadalira ZESCO, jenereta ndi UPS. Jenereta ikakana kulira, UPS yaing'ono imapereka mphindi zowerengeka kuti ma VM onse atsekedwe mwadongosolo. VM yomwe mbali ya RAM yake ili mu swap ya host imayenera kubwezeredwa masamba omwe ikuwafuna isanamalize kutseka database, ndipo ma VM onse akuchita zimenezi pa disiki imodzi nthawi yomweyo. Batire ikatha ntchitoyo ili pakati, m'mawa mwake kumakhala kukonza mafailo oonongeka. Magetsi akabwera vuto limatembenuka: onse amadzuka pamodzi, KSM isanapeze nthawi yophatikiza masamba, ndipo malonjezo onse aja amafunika pa kamodzi. Kumene magetsi amazima kamodzi pa chaka, chiopsezochi n'chaching'ono. Ku Kitwe mu 2024 chinali cha tsiku ndi tsiku.

Chilungamo chake, kupatsa VM RAM yochuluka mopanda muyeso nakonso kuli ndi zovuta. Kuigoneka pa disiki kapena kuisamutsira ku host ina kumatenga nthawi yaitali malinga ndi RAM yomwe yagwira, ndipo mapulogalamu ngati SQL Server amadya RAM iliyonse yomwe apeza ngati sanaikiridwe malire. Ogulitsa mapulogalamu amakonda kupempha zochuluka kuti pasadzakhale madandaulo, ndipo wa IT amene samayeza amangovomera.

Masamu ake pa seva ya 64 GB yokhala ndi ZFS ya 8 TB amayenda motere. Proxmox imalangiza 2 GB, kuwonjezapo 1 GB pa terabaiti iliyonse, kaamba ka ZFS, ndiye 10 GB zapita. ZFS ikasiyidwa yokha inkatha kutenga theka la RAM yonse, mpaka Proxmox 8.1 idayamba kuiikira malire a 10 peresenti pa makina oikidwa kumene. Host ndi mapulogalamu oyendetsa VM iliyonse afunanso ma GB angapo. Chotsala chogawa ndi 50 GB kapena kuchepera, osati 64. M'menemo database ndi malipiro zipatsidwe gawo lake lokhazikika, lopanda balloon. Ma VM oyeserera, a maphunziro ndi ena omwe angathe kudikira ndiwo alimbirane zotsalazo, ndipo pamenepo kulonjeza mopitirira pang'ono n'komveka. Muyeso weniweni umachokera pa kuyang'ana mwezi wathunthu, kuphatikizapo masiku a malipiro ndi a msonkho: mizere ya si ndi so mu vmstat, ndi manambala a mu /proc/pressure/memory omwe Linux idayamba kupereka mu 2018. Swap yodzaza koma yosayenda si vuto. Vuto ndi masamba omwe akutuluka ndi kulowa mosalekeza.

Manambala amenewo akaonetsa kuthina mwezi ndi mwezi, palibe swappiness yomwe ingathetse nkhaniyo, ndipo pempho la RAM liyenera kupita kwa akuluakulu a zachuma limodzi ndi umboniwo. Nthawi nayo sikudikira amene akuyendetsa maseva akale ogula kaunjika, chifukwa ambiri mwa iwo amafuna DDR4, ndipo mu 2025 opanga akuluakulu aja adayamba kutseka mizere yopangira DDR4, mitengo yake n'kukwera mpaka nthawi zina kuposa ya DDR5 yatsopano.