Musathamangire kugula busta, yambani mwaona eriyo

Pakhomo paliponse pamene pali TV pamakhala mwana mmodzi amene ntchito yake ndi kugwira mtengo wa eriyo. Mpira wa Bullets ndi Wanderers ukangofika pokoma, chithunzi n'kuuma, bambo amasuzumira pawindo: "Tembenuza pang'ono! Bwerera! Basi pomwepo, usasunthe!" Mwana akangousiya mtengo uja, chithunzi chaumanso. Kwathu mwana ameneyo ndinali ine, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu ndi amene mwalowa m'malo mwanga.

Zikafika apa, malangizo obwera msanga ndi akuti, "Kaguleni busta." Ine ndikuti ayi. Busta ndi chinthu choganizira kumapeto, ndipo m'nyumba zambiri ndalama yake imangolowa m'madzi. Ndinagulapo ine ndemwe nditangoyamba ntchito, digiri yauphunzitsi ikadali yatsopano. Kagetsi kake kanayaka bwinobwino, koma chithunzi chinapitiriza kudukaduka. Patatha sabata ndinapeza kuti madzi analowa polumikizira waya ndi eriyo, mkuwa wonse unali utasanduka wobiriwira. Ndinadula kachidutswa kowonongekako, kulumikizanso, basi TV inachira. Manyazi ake sindinawaiwale.

Chifukwa chake chili mu physics yomwe mukuphunzira. Eriyo imatola mafunde a electromagnetic ochokera ku transmitter, ndipo mafundewo amagwedeza ma electron m'chitsulo. Koma ma electron amenewo sakhala phee podikira siginolo. Kutentha kokha kumawagwedeza mwachisawawa, m'eriyo, m'waya, ndi m'dikoda momwe, ndipo kugwedezeka kumeneku ndi kumene timakutcha noise, phokoso. Chimene dikoda imafuna si siginolo yaikulu chabe, koma siginolo imene yaliposa phokosolo mokwanira.

Taganizirani muli m'kalasi, mvula ikugunda pamalata, mnzanu wakumbuyo akuyankha funso monong'ona. Ndikaika maikolofoni patebulo langa kutsogolo n'kukweza sipika, chikwere n'chiyani? Mawu ake akwera, eya, koma mvula nayo ikwera chimodzimodzi, ndipo sipikayo iwonjezera kakulira kakekake. Sindimva kanthu. Busta yomwe mwaiika kuseri kwa TV ndi maikolofoni ya patebulo langa. Imakweza siginolo ndi phokoso limodzi, n'kuwonjezapo phokoso lake. Chimene eriyo sinatole, busta singachilenge.

Kale zimenezi zinkaoneka ndi maso. TV ya analogue siginolo ikachepa, chithunzi chinkadzaza timadontho ngati mchenga, koma munthu unkatha kuonabe kuti uyu ndi goloboyi. Mayiko a ku Africa ndi ku Ulaya anapangana kudzera ku bungwe la ITU kuti pofika pa 17 June 2015 akhale atasamukira ku digital, ndipo madikoda ngati a Kiliye Kiliye ndi GOtv amagwiritsa ntchito njira ya DVB-T2. Digital ilibe zapakatikati. Dikoda imalandira ma 0 ndi ma 1, ndipo ikasokonekera pang'ono imatha kudzikonzera yokha, chithunzi n'kukhala choyera ngati palibe vuto. Zolakwika zikangopyola malire, chithunzi chimasweka timabokosi, kenako "No signal". N'chifukwa chake TV ya mnzanu imaonetsa bwino chaka chonse pamene yanu imafa mphepo ikangowomba: mwina kusiyana kwanu n'kochepa kwambiri, kungoti inu muli m'mphepete mwa phompho.

Ndiye musanatulutse ndalama, tengani rimoti. Mu menu ya madikoda ambiri muli mizere iwiri, signal strength ndi signal quality. Woyamba ukunena kukula kwa zonse zimene zikulowa, phokoso lomwe. Wachiwiri ukunena ngati dikoda ikumva zimene zikunenedwa. Busta imakweza mzere woyamba, wogulitsa n'kukulozerani monyadira, koma umene umabweretsa chithunzi ndi wachiwiri. Muli ndi chipangizo choyezera m'nyumba mwanu momwemo, chaulere, ndipo anthu ambiri sanachitsegulepo.

Chimene chimakweza quality ndi eriyo yeniyeniyo. TV ya pamtunda imaulutsidwa pa UHF, kuyambira 470 MHz kukwera. Titenge 600 MHz. Mwa v = fλ, gawani 300,000,000 m/s ndi 600,000,000 Hz, mupeza wavelength ya 0.5 m. Kandodo kamene kamalumikizidwa ku waya kamayenera kukhala pafupifupi theka la wavelength, ndiye kuti 25 cm. Kayezeni ka kwanu muone. Tindodo tinato, tambiri kutsogolo ndi chotchinga kumbuyo, tilibe waya uliwonse, koma sitinaikidwe kuti tikongoletse. Timachititsa kuti mafunde ochokera kutsogolo alimbikitsane pofika pa kandodo kaja, ndipo ochokera kumbuyo ndi m'mbali afooke. Kapangidwe aka kanatulukira ku Japan mu 1926, ndi Shintaro Uda ndi Hidetsugu Yagi, ngakhale dzina limene linatchuka ndi la Yagi yekha. Ubwino wake ndi wakuti eriyo yotere imakulitsa siginolo ya mbali imodzi popanda magetsi komanso popanda kuwonjezera phokoso la busta. Ili ngati kuika dzanja kukhutu n'kuyang'ana kwa wolankhulayo.

Koma izi zikutanthauzanso kuti eriyo yopindika tindodo, kapena yoloza kolakwika, yataya mwayi wake wonse. Onani za anansi amene TV yawo imaonetsa bwino: zaloza kuti, ndipo tindodo tagona chopingasa kapena taima chilili? Yanu ifanane nazo. Ikwezeni ipitirire denga ndi mitengo, poti mafunde afupiafupi chonchi sakhota bwino akakumana ndi chotchinga, ndipo malata amawabweza ngati galasi. Potembenuza, chitani pang'onopang'ono, n'kumadikira masekondi angapo kuti mzere wa quality usinthe. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukapeza pabwino mangani zolimba, mwana wa pakhomo apume.

Apa ndiikepo mawu a mphunzitsi: musakwere padenga kukuchita mitambo ya mvula, musakwere nokha popanda wamkulu, ndipo mtengo wa eriyo ukhale kutali ndi mawaya a magetsi moti ngakhale utagwa usawakhudze. Palibe mpira wofunika kuposa moyo wanu.

Kenako waya. Waya wa coaxial, ngakhale wabwino, umadya siginolo, ndipo pa UHF pafupifupi theka la mphamvu limatha pa mamita 20 okha. Wopyapyala wotchipa uja umadya koposa. Mukagawa siginolo ku ma TV awiri, iliyonse imalandira kuchepera theka. Nanga waya wolumikiza pawiri patatu n'kukulunga ndi pepala la pulasitiki? Aaa, ameneyo ndi paipi yobooka. Waya umodzi wosaduka, waufupi mmene mungathere, wotsekedwa bwino kumwamba kuti madzi asalowe, umachita zambiri kuposa busta, ndipo suyembekezera magetsi.

Wina anena kuti, "Koma aphunzitsi, kwathu tinaika busta ndipo zinatheka." Sindikukana. Busta ili ndi ntchito imodzi yomveka: kulipira zimene waya wautali kapena kugawa siginolo kudzadye. Kuti itero iyenera kukhala kumwamba, pafupi ndi eriyo, siginolo isanafooke m'waya. Ndiko kupititsa maikolofoni ija pakamwa pa mnzanu wakumbuyo. Ngati eriyo ikutola siginolo yoyera koma waya ndi wautali, busta yapamtengo ithandiza ndithu. Koma ngati mumakhala pafupi ndi transmitter, busta ikhoza kuwononga zinthu, poti siginolo yokula mopyola imasokoneza dikoda monga momwe sipika yokwezetsa imang'ambira mawu.

Pali malo ena kumene zonsezi sizingathandize, ndipo tisanamizane. Ngati phiri laima pakati pa inu ndi transmitter, monga zimachitikira m'madera a mapiri ngati Dedza, Zomba kapena Mulanje, muli mumthunzi, ndipo mthunzi sauchotsa ndi busta. Kumeneko yankho ndi dishi. Satellite za TV zili pamtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa equator, pamene zimazungulira dziko kamodzi patsiku, n'chifukwa chake zimaoneka ngati zaima malo amodzi ndipo dishi simaitembenuzanso. Poti Malawi ali kummwera kwa equator, madishi athu amapenya chakumpoto, ena mopendekera kum'mawa kapena kumadzulo. Siginolo ikuchokera kumwamba, phiri lija silikutchinganso.

Dishi nayo ili ndi zake. Mafunde ake ali pafupi ndi 12 GHz, wavelength ya 2.5 cm basi, ndipo madontho a mvula yamphamvu amawamwa ndi kuwamwaza, ndiye mu January chimvula chikabwera chithunzi chimathawa kwa kanthawi. Dishi yokulirapo ndi yolozedwa molondola imapirira nthawi yaitali. Pamwamba pake pali mtengo wogulira, wolipira woikayo, ndipo nthawi zambiri wolipira mwezi ndi mwezi. Banja lisalowe m'zimenezi chifukwa cha pulagi yadzimbiri.

Madzulo ano tsegulani menu ija mulembe manambala awiriwo pa tchanelo chimene chimavuta kwambiri. Masulani waya kuseri kwa dikoda, onani ngati timawaya ta m'mbali sitikukhudza mkuwa wa pakati, bwezerani zolimba, n'kulembanso manambalawo. Loweruka kukacha bwino, inu ndi wamkulu wa pakhomo mukaone polumikizira pa eriyo.