Tisanamize ana za ndege ya New York ndi London

Aphunzitsi anzanga, sabata yatha ndinamva mnzathu wina akuuza ana a Fomu 3 kuti ndege yochoka ku New York imafika msanga ku London chifukwa "dziko limazungulira pansi pake". Ana analemba m'makope mwakachetechete. Ine zinandiwawa.

Mtunda ndi womwewo, pafupifupi makilomita 5,550. Koma popita ku New York ndege imatha maola ngati 8, pobwera ku London maola ngati 7. Dziko limazungulira cholowera kum'mawa. Mnzathuyo akadanena zoona, bwenzi London ikuithawa ndegeyo, ndipo ulendo wobwerawo ndi umene ukadatalika. Chenicheni ndi chimphepo cha m'mwamba, jet stream, chowomba kuchokera kumadzulo. Mu February 2020, nthawi ya namondwe Ciara, chinakankha Boeing 747 ya British Airways mpaka inatera ku London m'maola 4 ndi mphindi 56 basi.

Ena muti, "Ana athuwa adzakwera liti ndege?" Nkhani si ya tikiti ayi. Mwana wozolowera kumeza yankho osatafuna adzamezanso bodza la wandale. Ngati sitikudziwa, tiziwauza kuti tikafufuza kaye.

Inu amene munadutsa m'kalasi mwanga, lamulo ndi lomwe lija: funsani!